A Nthunzi Aphika Mchira wa Ng'ombe

Anthu a mumsewu wawo ankawaitana kuti a Nthunzi, dzina limene linachokera kuntchito. Kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri anayang'anira boyila pafakitale yopanga sopo, chithanki chachitsulo chotalika ngati nyumba, chowiritsa madzi oyendetsera makina. Tsiku lonse ankangoyang'ana singano ya geji yoyeza mphamvu ya nthunzi, kumvetsera mapaipi, kutsegula apa n'kutseka apo. Anali munthu wa mawu ochepa, ndipo khutu lawo lamanzere linagontha ndi phokoso la zaka zonsezo. Atapuma pantchito anazindikira kuti m'nyumba yawo yomwe sankadziwa pamene pamakhala mchere.

Ulesi analibe. Mpopi ukamadontha ankaukonza, chitseko chikamalira ankachithira mafuta. Koma khitchini inali ya akazi awo, mayi wosoka mayunifolomu a ana asukulu, wa manja ofulumira ndi pakamwa posachedwa kuyankha. Akamaphika sankafuna munthu kumbuyo kwawo.

"Tatulukani inu, mukunditchingira kuwala," ankatero, ngakhale amuna awo atangolowa kudzamwa madzi.

M'mawa wina, patatha zaka ziwiri a Nthunzi chipumire, mayiwo anagwa pakhonde akuyanika zovala. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anagonekedwa milungu itatu, nabwerera kunyumba mkono ndi mwendo wakumanja zitafooka, pakamwa patapotoka pang'ono. Mwana wawo wamkazi, amene ankagwira ntchito kutali, anatenga tchuthi kudzasamalira mayi ake, koma tchuthi sichichedwa kutha. Tsiku lonyamuka anamata pepala la nthawi za mankhwala pachitseko cha firiji, n'kufunsa bambo ake kawiri konse ngati akwanitsedi.

"Boyila ndinaikwanitsa," anayankha.

"Boyila sinkakana chakudya, ababa."

Mwanayo sananame. A Nthunzi ankadziwa kuwiritsa mazira, kupanga tiyi ndi kupaka buledi majarini, basi. Mpunga wawo unkatuluka wopserera pansi, wosapsa pamwamba. Mayiwo ankalawa masipuni awiri, n'kukankha mbale ndi dzanja lamanzere, n'kutembenukira kukhoma. Madiresi anayamba kuwakulira. Ndipo mkazi amene anawakalipira tsiku ndi tsiku kwa zaka makumi anayi tsopano anali zii, osadandaula ngakhale za mpunga wopsererawo. Kukhala chete kumeneko kunawaopsa a Nthunzi kuposa mawu onse amene adokotala ananena.

Masana ena akuwapukuta kumaso anawafunsa, "Amake mwana, tanenani chinthu chimodzi chokha chimene mtima wanu ukufuna."

Mayiwo anatenga nthawi, lilime likulemera. "Supu wa mchira wa ng'ombe," anatero. "Koma inu simungathe. Amafuna maola anayi, ndi munthu wamaso."

Supu ameneyo a Nthunzi ankamudziwa ndi pakamwa pokha. Mayiwo ankamuphika Lamlungu kukakhala kozizira, ndipo iwo ankangofika patebulo n'kudya. Maola anayi oima pachitofu analibe, poti panali kusambitsa wodwala, kumutembenuza, ndi kumuyendetsa m'chipinda monga momwe a kuchipatala analamulira. Komabe m'mawa mwake anavala jekete napita kubutchala ya pakona.

Mwini butchalayo anali mayi wa thupi, wa epuloni yoyera yothimbirira, amene aliyense ankamutcha a Chikwanje. Atawaona analeka kunola mpeni.

"Zaka zonsezi simunapondepo muno, bambo. Amayi akupeza bwanji?"

A Nthunzi anafotokoza mwachidule. A Chikwanje sanachulutse mawu achisoni. Analowa m'chipinda chozizira, natuluka ndi mchira wathunthu, nayamba kuudula polumikizira mafupa, mpeni ukungolowa ngati ukudula nthochi.

"Maola anayi a chiyani? Kunyumba kwanu kuli poto wa pulesha, uja wophika ndi nthunzi yotsekeredwa. Mwana wanu anawagulira amayi kalekale, iwo eni anandiuza. Akuti amamuopa, ati ndi bomba. Ndi ameneyo ola limodzi lokwana."

Kenako anawalongosolera kaphikidwe konse, uku akukulunga nyama m'pepala. A Nthunzi ankangogwedeza mutu, koma mayiyo anali ataima kumbali ya khutu logontha lija, ndipo manyazi anawaletsa kunena.

Potoyo anamupeza pamwamba pa kabati, adakali m'katoni yake, fumbi lili mbuu. Anamutsuka, nakhala naye patebulo monga ankachitira ndi chida chatsopano kufakitale. Anakoka mphira wa m'chivundikiro kuti aone ngati sanaume. Anakweza chivundikirocho pawindo, nasuzumira pakabowo kotulukira nthunzi mpaka ataona kuwala. Anapeza mzere wa m'kati woonetsa pamene madzi ayenera kulekezera. Zimenezi zinali zakwawo.

Anakazinga nyama ija m'mafuta pang'ono mpaka inafiira mbali zonse. Anathiramo anyezi, adyo ndi matimati, kenako madzi. Ndiye poona karoti, mbatatesi, zitheba ndi kabichi zili pambale zoduladula kale, anaganiza kuti palibe chifukwa chozisiyira kunja. Anakhuthuliramo zonse, natseka chivundikiro, nakweza moto.

Posakhalitsa kachitsulo ka pamwamba kanayamba kuvina, nthunzi ikuti tsii, tsii. Kuchipinda kunamveka mawu amene anali asanamveke mokweza chotero chichokere kuchipatala.

"Abambo inu, mwatsitsa chibomba chija?"

"Ndachitsitsa. Gonani, chili m'manja mwa mwini wake."

"Mukaphulitsa nyumba, mudziwe kuti ine sindithamanga."

A Nthunzi anachepetsa moto akumwetulira okha. Patatha mphindi makumi anayi ndi zisanu anazimitsa, nadikira kuti poto apume yekha, popeza ankadziwa kuti chitsulo chokhala ndi nthunzi m'kati satsegula mokakamiza. Atavundukula anapeza nyama yafewa mpaka kuchoka pafupa, koma masamba onse anali atasungunuka n'kusanduka phala, mafuta atayandama pamwamba ngati chithaphwi. Anapungulira m'mbale choncho, napita nayo kuchipinda.

Mayiwo anavundula ndi sipuni, nayang'anitsitsa.

"Karoti ali kuti?"

"Alimo."

"Alimo mwachikhulupiriro?"

Analawa. Anati mafuta achuluka, anyezi sanapse bwino asanathire madzi, ndipo kabichi wotere angamupatse munthu wopanda mano. Uku akunena, sipuni inkapita kukamwa n'kubwerera. Anamaliza theka la mbale, natola kafupa ndi dzanja lamanzere n'kuyamba kukayamwa. A Nthunzi anatenga mbale ija kupita nayo kukhitchini, natsegula mpopi, naima pamenepo kanthawi osatsuka kanthu, misozi ikulengeza.

Atabwerera kubutchala sabata yotsatira anaulula zimene zinachitika, ndi za khutu lija. A Chikwanje anaseka mpaka kugwira tebulo, kenako anazungulira naima kumbali ya kumanja.

"Ndiyankhulire kuno tsopano. Nyama iyambe yokha. Ikapsa, poto akapuma, muwaule mafuta a pamwamba ndi chipande. Mukatero muthire karoti ndi mbatatesi, mutsekenso, mphindi zisanu zokha. Zitheba ndi kabichi n'zomalizira, poto ali chitsegulire. Mwamva?"

"Ndamva ndi khutu labwino."

Tsiku lophika kachiwiri mayiwo anakana kutsala kuchipinda. Anati sangalole kuti ndiwo zionongekenso iwo ali moyo. A Nthunzi anawagwira m'khwapa, nawayendetsa pang'onopang'ono mpaka kukhitchini, nawakhazika pampando wa ndalema pafupi ndi chitseko, kutali ndi poto monga anapemphera. Ali pamenepo ankalamula. Anyezi adikire mpaka aoneke ngati galasi. Matimati aphwanyike kaye. Mchere pang'ono, adokotala anatero. Karoti adulidwe mokulirapo, si wa khanda ayi. Poto atayamba kulira anatseka maso, koma sanapemphe kuti atuluke.

Supu wa tsiku limenelo anatuluka wofiirira, wokhuthala ndi zonona za m'mafupa, karoti ndi mbatatesi zikuoneka bwinobwino, zitheba zikadali zobiriwira. Anadyera m'khitchini momwemo ndi buledi wonyika. Mayiwo anamaliza mbale yonse, napempha kafupa kena.

Kuyambira pamenepo Lachisanu lililonse linali la mchira. Ng'ombe imakhala ndi mchira umodzi wokha, ndipo oufuna anali ambiri, makamaka ophika m'malesitilanti amene ankafika m'mamawa. Koma a Chikwanje ankabisa umodzi kuseri kwa chipinda chozizira, n'kumauza ofunsa kuti watha. A Nthunzi anadziwa zimenezi tsiku lina atamva wophika wina akudandaula pakhomo kuti ng'ombe za masiku ano zikubadwa zopanda michira.

Thupi la mayiwo linayamba kubwerera. Mkono wamanja sunachire wonse, ndipo makina osokera anawapereka kwa mwana wa mng'ono wawo. Koma dzanjalo linafika pogwira karoti pathabwa pamene lamanzere likupala, ndipo a kuchipatala anati apitirize, amenewo ndiwo masewera abwino a zala. Mwana wawo atabwera patchuthi china anaima pakhomo la khitchini n'kumaonerera bambo ake akuwaula mafuta, mayi ake akuwauza kuti akuwaula molakwika. Anatuluka panja kukaimbira foni amuna ake, ndipo a Nthunzi anamumva akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

Patatha miyezi isanu ndi umodzi, mayiwo ananena kuti akufuna kukafika kubutchala ndi miyendo yawo. Ndi ulendo wa mphindi zisanu kwa munthu wabwinobwino, koma iwo anayenda theka la ola, ndodo kudzanja lamanzere, akupuma pampanda uliwonse. A Nthunzi ankatsatira pambali atanyamula kapoto kokutidwa ndi nsalu.

A Chikwanje atawaona anapukuta manja msangamsanga, natulutsa mpando wawo womwe.

"Ndabwera kudzathokoza, achemwali," anatero mayiwo atapezako mpweya. "Munandidyetsa ine, ndiponso munandiphunzitsira munthu amene ndinamulephera zaka makumi anayi."

"Simunamulephere, munkamuthamangitsa," anatero a Nthunzi chapansipansi.

A Chikwanje anachita manyazi, nati iwo anangogulitsa nyama basi. Koma atavundukula kapoto kaja anapezamo supu wa mchira. Anaulula kuti pa zaka zonse zimene akhala akudula michira, sakumbukira tsiku limene anadyako, chifukwa yonse imapita kwa makasitomala ndipo iwo amafika kunyumba atatopa. Anatenga sipuni, nadya ali chiimire pambali pa sikelo, makasitomala awiri akudikira moleza mtima.

"Wakoma," anatero. "Koma mchere wachepa."

"Umenewo ndi mlandu wa adokotala," anayankha mayiwo. "Wophikayu musamunene."

Anakhala pamenepo mpaka miyendo itapuma, akucheza za ana ndi za nyengo. Kenako a Nthunzi anatenga mchira wa sabata imeneyo, nagwira akazi awo pamkono, nayamba ulendo wobwerera kunyumba.