Chipsera cha pa tsaya lamanzere

Ndataya mkazi wanga, Tadala. Ndataya phokoso la masilipasi ake m'khonde, kapu yabuluu imene sindingathenso kumwera, ndi munthu yekhayo amene ankakumbukira fungo la inki ndi palafini la m'galaja ya a Dita ku Madaraka, mumzinda wa Nairobi.

Inali nyengo ya mvula yaitali, sukulu titatsekera, ine ndili ndi zaka khumi. Pa mafulati athu mabanja a ku Malawi analipo awiri okha, lathu ndi la kwa a Tadala. Pansi pathu pankakhala nkhalamba ya ku Jeremani, a Dita, imene aliyense ankangoitcha Mzee, kutanthauza mkulu. Ali mnyamata kwawo ankajambula m'nyuzipepala zithunzi zoseka nduna ndi akuluakulu a asilikali, mphuno ngati mbatata, mimba zofika m'mawondo. Ku Nairobi ankajambula zithunzi za m'mabuku a ana. Zikhadabo zawo zinali zakuda mpaka kalekale.

Mvula ikamagwa pa malata a galaja, ine ndi Tadala tinkakhala pa mabokosi kuonerera. A Dita ankatenga chidutswa cha mphira yolimba imene amayala pansi m'makhitchini, kuchiwamba pa mbaula ya makala kuti chifewe, n'kuyamba kusema ndi timipeni tamsonga. Akatha ankapaka inki, kuyalapo pepala, n'kulitikita ndi kumsana kwa supuni. Ankatichenjeza kuti chimene chili kumanzere pa mphira chimatulukira kumanja papepala. N'chifukwa chake nkhope ya munthu ankaisema akuyang'ana chojambula chawo pa kalilole. Lamulo lina linali lakuti woyenera kusekedwa ndi amene ali pamwamba pako, osati mnzako.

Atatipatsa timipeni, Tadala anasema nkhunda yooneka nthenga iliyonse. A Dita anaipachika pa chingwe. "Mwana uyu ali ndi dzanja," anatero. Atayang'ana galimoto imene ine ndinasema anangoti, "Iwe umafulumira."

Tadala anali ndi chipsera pa tsaya lamanzere, cha madzi otentha amene anamukhuthukira ali khanda. Ndinaba chidutswa cha mphira, ndipo kwa masiku atatu ndinkasema nkhope yake kuseri kwa thumba la makala pa khonde lathu. Chipseracho ndinachikuza mpaka chinadzaza tsaya lonse. Loweruka masana, a Dita atakwera minibasi kupita m'tauni, ndinalowa m'galaja, imene sankaikiya chifukwa cha ife. Ndinadinda mapepala ambiri, ndikusangalala kuti akutuluka bwino. Ndinawamata m'masitepe ndi pa kiyosiki pamene tinkagula mkaka ndi mandazi. Pofika Lamulungu ana onse ankamutcha Ramani, kutanthauza mapu m'Chiswahili.

Bambo ake a Tadala anatsikira kugalaja pepala lili m'manja, bambo anga ali pambuyo. Ine ndinaima pa masitepe, manja ofiira chifukwa chosamba ndi palafini nditawabisa m'thumba. A Dita analiyang'ana pepalalo nthawi yaitali. Kenako anakweza maso kundiyang'ana, n'kuwabweza.

"Inki ndi yanga, pepala ndi langa," anatero. "Pepani."

Tinaletsedwa kupondanso kumeneko. Amayi a pa mafulati anasiya kuwapatsa moni a Dita. Chisanu cha mu Julaye chisanayambe, katundu wawo anakwezedwa pa lole, ndipo tinamva kuti apita ku Athi River. Sindinawaonenso. Tadala sanagwirenso kampeni kosemera, ndipo anayamba kuyenda mutu utapendekera kumanzere. Anayenda choncho moyo wake wonse.

Tinakumananso ku koleji, tinakondana, tinakwatirana. Tsaya limenelo ndalipsompsona kosawerengeka. Chaka chilichonse ndinkati ndimuuza, koma tsiku labwino ndinkaopa kuliwononga, ndipo loipa ndinkaopa kuliwonjezera. Dzina la a Dita likatchulidwa, iye ankangoti anali munthu wabwino, ine n'kuyamba nkhani ina.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti ndinachenjera. Ndinkati a Dita anakhala chete chifukwa analibe umboni, ndipo Tadala sanandikayikire chifukwa ndinamuperekeza pochotsa mapepala aja m'masitepe. Lero ndikudziwa kuti nkhalambayo inandiona bwinobwino, n'kusankha kutaya ulemu wake kusiyana n'kupereka mwana wa zaka khumi m'manja mwa bambo okwiya. Za Tadala ndinazidziwa mochedwa.

Anali masana m'chipatala, mvula ikuwomba pa windo. Anali atatha thupi, mawu akutuluka pang'onopang'ono. Ndinamugwira dzanja.

"Tada, pali chimene sindinakuuzepo. Za ku Madaraka."

Anatsegula maso, n'kutembenuza mutu kundionetsa tsaya lamanzere, chinthu chimene sankachitira munthu aliyense.

"Papepala paja chipsera chinatulukira kumanja," anatero. "A Dita sakanaiwala kalilole. Ndinkangodikira kuti unene wekha, iwe wofulumira."