Mapanelo Awiri a Firiji ya Mkazi Wanga

Tinasamuka ku Kabwata zaka zomaliza za chipani chimodzi, nthawi imene ufa unkagulidwa pamzere. Tinamanga kupitirira Chelstone, kumene mawaya a magetsi anali asanafike. Ine ndinali wamagetsi pafakitale ina ku Heavy Industrial Area, ndipo kugona mumdima kunkandichititsa manyazi. Koma vuto lenileni silinali manyazi. Mkazi wanga anali ndi matenda a shuga, ndipo mankhwala ake obaya ankafunika kukhala pozizira. Akatenthedwa ankatha mphamvu, ndipo kupeza ena kuchipatala masiku amenewo kunali kwa mwayi.

Mzungu wina wa famu cha ku Lilayi ankagulitsa katundu pobwerera kwawo. Anali ndi kafiriji kakang'ono koyendera batire ndi mapanelo atatu a dzuwa, zinthu zimene ambiri tinkangozimva. Ndisanagule ndinakhala pansi Lamlungu masana ndi pensulo. Ndinawerengera magetsi amene firiji imadya patsiku, maola amene dzuwa limawomba bwino padenga, ndi batire la lole loti lipirire masiku awiri a mitambo. Ndinawerengera ngakhale chitseko: kutsegula kanayi patsiku, osapitirira. Pamwamba pa pepala ndinalemba kuti anthu m'nyumba ndi asanu ndi mmodzi.

Mkazi wanga anasuzumira paphewa langa, manja ali ndi thovu la sopo.

"Mwapenda bantu sikisi chabe, bashi bana?"

Ndinamufunsa kuti nanga tilipo angati. Anangoseka n'kubwerera kochapa.

Masamu anati mapanelo awiri akwana. Mzunguyo anandiumiriza kuti nditenge ndi lachitatu pamtengo wongotaya, ine ndinakana. Sikuti ndinalibe m'thumba. Ndinkafuna aone kuti ntchito yanga ndimaidziwa, ndipo kugula chopitirira muyeso ndinkakuona ngati umbuli. Ndinali munthu wotero, wosamva za wina pepala likayankhula.

Miyezi yotentha zonse zinayenda bwino, ndipo ndinkadziguguda pachifuwa kuntchito. Mvula itakhazikika, batire linayamba kufooka. Ndikafika madzulo ndinkapeza firiji itazima, m'kati muli fundefunde. Ndinapukuta mapanelo, ndinamangitsa mawaya, ndinasintha batire. Ndinakalipira ana kuti akulumikiza wailesi mobisa, wamkulu mpaka ndinamuwomba mbama. Ndikatsegula firiji ndinkapeza timabotolo ta mankhwala tokha ndi botolo limodzi la madzi, monga ndinalamulira. Mkazi wanga sindinamufunse kanthu. Ndinkaganiza kuti za magetsi angadziwepo chiyani.

Anayamba kuonda, kumwa madzi kosalekeza, kugona masana. Ankati ndi kutopa kwa kudimba. Tsiku limene anakomoka pakhonde, namwino wa kuchipatala chachikulu anayang'ana kabotolo kamene ndinapita nako, anakagwedeza, n'kundiuza kuti mankhwalawo anafa kalekale. Mkazi wanga anali akudzibaya madzi. Anakhala masiku atatu osatsegula maso, lachinayi anatisiya.

Titabwera kumanda, amayi a m'dera lathu anayamba kulowa mmodzimmodzi kudzandipepesa. Woyamba, wogulitsa nsomba kumsika wa Soweto, anagwada n'kundigwira dzanja.

"Ba neba, fuliji yanu inatisunga maningi. Ba mai sanakanepo, olo kamozi."

Sindinamvetse zimene ankanena. Wachiwiri anathokoza chifukwa cha nyama imene mwamuna wake anaiimira pamzere tsiku lonse. Wina mkaka wa khanda, wina mankhwala a mwana wake, wina madzi owiritsa amene ankabwera nawo akadali otentha. Onse ankabweretsa zinthuzi mufiriji yathu ine ndikangokwera basi, n'kudzatenga ndisanabwere, chifukwa mkazi wanga anawauza kuti bambo m'nyumba muno ndi ovuta. Ndinawerenga chamumtima, poti kuwerenga ndiye kunali luso langa. Makomo khumi ndi limodzi.

Ndinakwiya, ndisaname. Ndinakwiyira amayiwo, ndinakwiyira ndi malemu amene. Koma mkwiyowo sunakhalitse, chifukwa ndinkamudziwa. Firiji inali imodzi yokha m'dera lonselo, ndipo iye sakanatha kuona mnzake ataima pakhomo ndi mbale n'kumubweza. Amayi omwewo ndi amene ankamusungira malo pamzere wa ufa miyendo yake ikatupa. Kuthandizana kwa pamzereko ndinkakuona tsiku ndi tsiku, koma papepala sindinakulembe. Ndipo mkazi wanga anaopa kundiuza kuti mankhwala asintha maonekedwe, poti anali ataona mbama imene mwana analandira.

Patapita mlungu ndinatenga pepala lija n'kuyambanso masamu, tsopano ndi makomo onse, chitseko chotseguka tsiku lonse, ndi mitambo ya mwezi wa mvula. Ndinabwereza katatu, ndikulakalaka kuti yankho litalike, lifike pa mapanelo asanu kapena khumi amene sindikanawapeza.

Yankho linkabwera mapanelo atatu.