Ankati Amayi Ali ku Chipata

Dzulo ku boma ndinapambana ndi ngolo yonyamula fodya. Fungo lake landiutsira mkwiyo womwe ndinkayesa kuti unatha.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndikukhala ndi agogo ku Mphamba. Ndikafunsa za amayi, yankho linali limodzi: "Ali ku Chipata, akugwira ntchito." Galimoto iliyonse yodutsa pamsewu ndinkaiperekeza ndi maso.

Tsiku lina ndikusoka fodya m'chigafa, kunabwera mtsikana, mwana wa mayi wina amene anali atangobwera kudzaphunzitsa. Anakhala pansi osaitanidwa, n'kutenga singano kundithandiza.

"Iwe sukamba? Lilime unagulitsa?"

Ndinaseka. Tinacheza mpaka zala zinada ndi utomoni, za mbuzi yathu yakuba, za nsabwe, za mantha anga a ziphaliwali. Panalibe munthu amene anandimvetserapo chotero. Atanena kuti kwawo ndi ku Chipata, ndinalumpha.

"Ndiye amayi anga uwadziwa! Aatali, a mpata m'mano."

Anaika singano pansi.

"Mnzanga, ine sinama. Azimayi ku chitsime akamba kuti amayi ako anamwalila kale. Ali m'mitengo muja amakuletsa kutola nkhuni. Atate anga naonso anafa, koma ine anandionetsa manda."

Mudzi wonse unkadziwa. Ankandiona ndikuthamangira kumsewu, iwo n'kumangopitiriza kusinja.

Agogo analowa ndi mtolo wa masamba pamutu, akumwetulira.

"Wapeza mnzako, mzukulu?"

Ndinagwira dzanja lomata la mtsikanayo, maso anga ali pa agogo.

"Nyamuka. Tiye ukandionetse."