Chaka Chimene Pantuni Inkagona Tsidya

Chibonga cha atate ndimachionabe m'maso. Chinali cha muwanga, chachifupi, ndipo chakumutu anachisema kamwa yolumira chingwe chachitsulo. Pogwirira panali posalala, pakuda ndi thukuta. Chinkanunkha girizi ndi matope a mumtsinje, moti ndikachikhudza fungolo linkanditsatira mpaka m'kalasi.

Ndinali mu Sitandade 5, zaka zija sukulu itangoyamba kukhala yaulere, ana tikuthinana mpaka pakhomo. Mvula ya mu Januwale inakokolola mlatho wa mitengo umene unkalumikiza mudzi wathu ndi midzi ya tsidya. Ife tinatsala mbali yabwino. Chipatala cha ku Kabudula, chigayo, sukulu ndi msika, zonse zinali kuno. A tsidya anatsala akuyang'ana madzi ofiira akudutsa ndi nthochi zozuka.

Patapita masabata, a boma anabweretsa pantuni pa lole. Linali thandala lachitsulo lokhala pamwamba pa matanki awiri otseka, lokwana galimoto imodzi yaing'ono, kapena ngolo ziwiri ng'ombe zitamasulidwa. Inalibe injini. Anamanga chingwe chachitsulo kuchokera pa chipilala cha simenti kuno mpaka pa mkuyu waukulu tsidya, ndipo amuna ankalumitsa zibonga pachingwecho n'kumakoka, pantuni n'kumayenda pang'onopang'ono ngati ng'ombe yokhuta. Amene anaibweretsa anatiuza kuti chitsulocho n'chawo, koma manja akhale athu. Midzi inagwirizana kuti khomo lililonse lidzapereke mbale ya chimanga pokolola kuti okoka adye, eni magalimoto aziponya kangachepe kogulira girizi, ndipo odwala, ana asukulu ndi maliro aziwoloka ulere.

Atate anasankhidwa kutsogolera okoka. Iwo anali mkamwini. Kwawo kunali tsidya komweko, koma anakwatira kwathu, ndipo munda umene ankalima unali wa amayi, pansi pa diso la amalume. Ntchito yolemetsa ya m'mudzi siichedwa kupeza mkamwini. Komanso madooko onse awiri ankawadziwa kuyambira ali mwana.

Panatsala funso limodzi, limene anakambirana Lamulungu titatuluka m'tchalitchi: dzuwa likalowa, pantuni izigona mbali iti? Kumene yagona n'kumenenso wokoka wamkulu ayenera kugona.

Amalume anayankha msanga. "Igone kuno. Msewu uli kuno, alamuwa nyumba yawo ili kuno. Fodya tayamba kuthyola, ndiye mwamuna azigona kutali ndi chigafa?"

Anthu anavomera ndi mitu. Kenaka amayi anadzuka pakati pa azimayi. Ndinali ndisanawamvepo akulankhula pamsonkhano. Manyazi angawa ndinatengera iwo. Anamanganso chitenje chimene chinali chomanga kale.

"Achimwene, wodwala wa kuno pantuni aifunira chiyani? Chipatala achipeza wapansi. Nanga mayi wa tsidya mimba ikamuyamba kusanache, aziitana ndani? Igone tsidya."

Wina kumbuyo anafuula kuti, "Ndiye kuti amuna anunso azigona tsidyatu, eti?"

"Ndikudziwa," anatero amayi, n'kukhala pansi.

Anthu anaseka. Mayi wina amene anali pafupi nane anagunda mnzake ndi chigongono. "Watopa naye ameneyu." Atate ankayang'ana nsapato zawo.

Mawu a mayi uja ndinapita nawo kunyumba ngati minga m'phazi. Ndinali mwana wosafunsa. Zimene ndinkalephera kunena ndinkazilemba kumasamba otsiriza a kope langa, timalemba ting'onoting'ono kuti aphunzitsi asazione. Tsiku limenelo ndinalemba kuti amayi athamangitsa atate. Lero ndimadzimvera chisoni ndikakumbukira, koma mantha anga sanali opanda pake. Kwathu akamwini ankachokadi. Bambo a mnzanga wokhala naye desiki anangomanga bulangete panjinga tsiku lina, kunena kuti akukaona abale, osabweranso.

Atate anatenga mphasa, bulangete ndi wailesi. Wailesiyo ndi imene inandipweteka kwambiri. Madzulo pakhomo pankangomveka achule.

M'mawa ankabwera ndi ulendo woyamba, atadzaza ana asukulu a tsidya ndi azimayi a kuchigayo. Ine ndinkathamangira kudooko ndisanapite kusukulu, n'kuima kuseri kwa bango. Ndinkayamba kumva chingwe chikulira m'nkhungu, kenaka mawu awo akuwerengera anzawo kakokedwe, kenaka chipewa chawo. Akandiona ankakweza chibonga. Masana, anzawo akawalandira, ankabwera kumunda kudzathyola fodya mothamanga, osakhala n'komwe pansi. Dzuwa likapendeka ankasamba m'manja n'kubwerera kumtsinje.

Ntchito yotsala inagwera amayi. Ankasoka fodya okha m'chigafa mpaka zala kuda bii ndi utomoni. Amalume akadutsa ankaima n'kupukusa mutu. "Mlongo wanga, wadziputira wekha izi." Amayi ankangoti, "Ee, achimwene," singano osaiimitsa.

Ine ndinawalanga m'njira yokhayo imene mwana wamanyazi angathe. Ndinasiya kukhala pakati pa miyendo yawo kuti andiluke tsitsi. Akandiitana ndinkati ndili ndi ntchito ya kusukulu. "Mutuwo mpheta zimangamo chisa," ankatero, koma sanandikakamize.

Loweruka lina anandipatsa kambale kokulunga m'nsalu, kakutentha. Linali phala la mgaiwa lothira nsinjiro, losalala ngati la khanda. "Ukapereke kwa atate ako. Akudziwa kopita nalo."

Aka kanali koyamba kukwera pantuni. Panali galimoto ya matola yodzaza matumba, dalaivala ataika miyala kumatayala, ndi ngolo imodzi. Ng'ombe zake zinkasambira m'mbali, mphuno zokha zili pamwamba, mwini wake akuzinyengerera ndi maina. Chitsulo chinkanjenjemera pansi pa mapazi anga. Atate anandiimika pakati pawo ndi chingwe kuti ndisaterereke, ndipo ndinkamva kupuma kwawo pamwamba pa mutu wanga. Ndinkafuna kufunsa ngati adzabwererenso kwathu. Pakamwa panga panangotuluka kuti, "Kodi mtsinjewu uphwa liti?"

"Ukadzaona anthu akukumba mtedza," anatero.

Tsidya tinakwera kamtunda mpaka kunyumba ya agogo, mayi awo a atate. Ndinali ndisanawaone chiyambire mvula. Anagona pamphasa pakhonde, ataonda moti chibangili chinkafika m'chigongono. Wailesi yathu inali pambali pa mutu wawo, ikuimba nyimbo za kwaya motsitsa. Atate anawadzutsa, kuwatsamiritsa pachifuwa pawo, n'kuyamba kuwamwetsa phala lija ndi supuni, akuuzira kaye. Agogo analawa n'kunena kuti, "Awa ndi manja a apongozi anga." Anandigwira tsaya ndi dzanja lozizira, n'kundifunsa chifukwa chake tsitsi langa linali losaluka.

Zonsezi ndinaziona ndi maso angawa. Koma mwana amaona chimene akuopa. Chimene ndinatolapo n'chakuti wailesi yapeza pokhala, ndipo atate ali ndi khomo lina kumene akuwafuna.

Agogo anamwalira chimanga chitayamba kuuma. Tsiku la maliro pantuni inapita n'kubwera osapuma, azimayi a chigwirizano akuimba pakati pa madzi. Atate sanakoke. Aliyense wa manja anagwirako, ndipo ndinaona amalume, jekete lawo la kutchalitchi lili pathupi, atanyamula chibonga cha atate, akukoka mpaka mitsempha kutuluka m'khosi.

Titachoka kumanda, azakhali, mlongo wa atate, anakokera amayi kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinali nditagwira nsonga ya chitenje cha amayi monga mwa nthawi zonse pagulu, ndipo sanandichotse. Azakhali anawagwira manja onse awiri, manja akuda ndi fodya aja.

"Alamu, mayi apita ali m'manja mwa mwana wawo. Ife sitikanatha kumupempha."

"Inali nkhani ya pantuni chabe," anatero amayi. Kenaka anayang'ana uku ndi uku. "Tsitsani mawu, achimwene angamve."

Onse awiri anaseka pang'ono, misozi ili m'masaya.

Zinanditengera zaka, mpaka nditakwatiwa inenso, kuti ndimve zimene zinanenedwa kuseri kwa nkhokwe ija. Mkamwini sakanasiya munda wa mkazi wake nthawi ya fodya kuti akadwazike mayi wake. Akanapempha, akanatchedwa waulesi, wa mtima wa kwawo, ndipo atate sakanapempha n'komwe. Amayi anawapezera njira imene munthu sakanaitsutsa, pamaso pa mudzi wonse, chitonzo n'kuchisenza okha. Zimene ananena za odwala a tsidya zinalinso zoona. Nyengo imeneyo azimayi angapo anakafika kuchipatala nthawi yabwino chifukwa pantuni inali mbali yawo.

Atate anabwerera atameta maliro. Mtsinje unali utaphwa mpaka m'mawondo, anthu akuwoloka wapansi, pantuni itakhala pamchenga. Ndinawaona akubwera m'njira ya kudimba, mutu uli mbee, mphasa paphewa, wailesi m'manja. Sindinawathamangire. Ndinalowa m'khitchini mmene amayi ankasenda maungu, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinafunsa chinthu chimene chinali m'kope.

"Amayi, akamanga mlatho wina n'kudzakokolokanso chaka chamawa, mudzawathamangitsanso?"

Mpeni unaima. Anandiyang'ana, kenaka anayang'ana pakhomo, kumene atate ankatsamiritsa mphasa kukhoma.

"Iyayi, mwanawe," anatero motsitsa. "Tsidya kulibenso wowadikira."

Ndinatuluka ndikudumphadumpha, chifukwa kwa ine amenewo anali mawu okoma kuposa onse a chaka chimenecho. Ndinangodabwa kuti amayi, atandiuza nkhani yabwino chotero, anatsala akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.