Tizingwe ta Kummero kwa Bambo a Tadala

Ndalota ndili mkati mwa mmero wa amuna anga, bambo a Tadala, odwala sitiroko aja. Mmeromo ndi motalika ngati chigafa cha fodya, makoma ofiira, onyowa, ndipo pamwamba pakulendewera tizingwe tonga ulusi wa kangaude. Ine ndavala nsalu ya kumapemphero a amayi, kaya chifukwa chiyani, poti ija ndinabwereketsa alamu anga ndipo sanabweze.

Pambali pakhala anamwino a kuchipatala, akuswa mtedza. Akuti, "Amayi, tizingweti ndi timitsempha. Chakudya chikasochera n'kulowa njira ya mpweya, timatumiza uthenga ku ubongo, munthu n'kutsokomola. Koma ta abambowa tagona."

Pomwepo dontho la phala likutsetsereka, phala lotsira nsinjiro lomwe ndawamwetsa ndekha. Likukhudza tizingwe tonse, koma palibe n'kamodzi komwe kogwedezeka. Likulowera kumunsi, kumapapo.

Ndagwira kachingwe kamodzi ndi manja awiri, ndikukoka ngati belu. "Bambo a Tadala, tsokomolani chonde."

Akundiyankha chapatali ndi mawu awo akale, a nthawi ija asanadwale: "Si inu munkandigunda ndi chigongono ndikatsokomola m'tchalitchi?"

"Tsokomolani, ngakhale abusa ali pakati pa pemphero."

Ndikukokabe. Chitseko chapamwamba chikutsekeka, makoma akufinyana, mphepo ikusonkhana pansi pa mapazi anga, makoko a mtedza ayamba kuuluka.

Ndadzuka mphepoyo isanaphulike, manja ndafumbata. Abambo akupuma mwakachetechete pambali panga, ndipo ine ndangokhala tsonga, kumvetsera ngati atsokomole.