Nyimbo ya Nsomba Zouluka

Mwana wanga wamkazi anasiya kudya nafe patebulo chaka chomwe ankalemba mayeso ake omaliza. Tinkakhala ku Dennistoun, kuno kwa azungu, m'nyumba zakale zija zosanjikizana, ndipo chipinda chake chinali moyang'anizana ndi khitchini. M'menemo munkatuluka nyimbo imodzimodzi m'mawa ndi madzulo, nyimbo yachizungu yakalekale, ya nthawi ya agogo a anzake.

Ine ndinakulira m'kwaya, nyimbo ndimadziwa yokhala ndi mutu ndi mchira. Iyi inalibe. Limba linkalira ngati la kutchalitchi koma loledzera, gitala akumveka chobwerera m'mbuyo, ng'oma zikubwera n'kusowanso. Woimbayo ankakoka mawu mwaulesi: nsomba zikuuluka pazenera, masitepe otsikira m'nyanja, munthu akuyenda pansi pa madzi atavala jekete ya kuntchito.

Kwathu zinthu zotere timaziona kutulo, ndipo maloto timawapititsa kwa odziwa kumasulira. Ndiye Lamulungu lina titaweruka, ndinakokera pambali mayi ena aakulu a mumpingo mwathu n'kuwafotokozera zonse. Sanachedwe. Anati nsomba ndi mimba, zimenezo ngakhale mwana amadziwa, ndipo za madzizo tisale kudya. Ndinakwera basi mtima uli m'mwamba, koma kunena zoona penapake ndinapepukidwa. Mimba ndimaidziwa. Munthu umalira, umakalipa, kenako umakagula matewera.

Ndinagogoda pachitseko cha mwana wanga, ndinalowa, n'kumufunsa mosapita m'mbali. Anali atakhala pansi, nsana utatsamira hita yotenthetsa m'chipinda. Anayankha m'Chingerezi chake chothamanga cha kuno kuti alibe mimba, ngakhale chibwenzi alibe. Kenako analankhula Chichewa, chimene sankachita kawirikawiri.

"Mami, si maloto. Ndi mmene ndimamvera tsiku lonse. Anthu akamalankhula ndimawamva ngati ndili pansi pa madzi. Nyimboyi yokha ndi imene imanena zoona."

Ndinamufunsa chomwe chikumupweteka, kaya mutu, kaya m'mimba, kapena ngati wina wamunena kusukulu. Anati palibe, kungoti watopa ndi kukhala ndi moyo. Ndinali nditamanga kale chitenje kuti ndilimbane ndi mnyamata, ndi aphunzitsi, ngakhale ndi ziwanda, koma ichi ndikanachigwira pati? Ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire.

Kwa dokotala tinapita. Anatilandira bwino, n'kutiuza kuti odikira ndi ambiri, adzatiitana. Tinadikira. Masiku amenewo ndinkasenda mbatata mwakachetechete, mpopi osatsegula, khutu lili kuchipinda chake. Nyimbo ndinkadana nayo ija ikafika kumapeto, pamene limba limazilala pang'onopang'ono, ndinkangoima chiimire, mbatata ili m'manja, osapuma, mpaka ndimve kuti waiyambitsanso.