Tsiku limene a Nanga anamaliza tsamba lawo

Chimene sindinachimvetse pa a Nanga, ngakhale tinakhala pa tebulo limodzi mpaka imvi kutitulukira tonse, n'chakuti munthu angalimbikire bwanji ntchito yoti anthu asamufunenso. Enafe kamene tikudziwa timakabisa kunkhwapa kuti mawa atiitane. Iwo ntchito yawo inali kuika zonse poyera. Sindikuwatamanda ayi. Anali ndi zawo zovuta, ndipo shuga wanga anamunyambita zaka zambiri osati n'zikomo yomwe.

Kampani yathu inkasamalira makompyuta aakulu a m'maofesi ena. M'kompyuta iliyonse munali pulogalamu imodzi imene tinkaitcha kapitawo. Ukayatsa makina, kapitawo ndiye amadzutsa mapulogalamu ena onse: yotumiza makalata, yosunga nthawi, yosindikiza mapepala, iliyonse pa nthawi yake. Ina ikagwa, kapitawo amaidzutsanso. A Nanga ankakonza buku la malangizo a kapitawoyu. Dzinali analipeza chifukwa cha funso lawo. Mmisiri akalemba kuti "pulogalamu ikayamba, chitani chakuti," iwo ankangotulukira kumbuyo kwake, magalasi ali pamphuno: "Nanga ikapanda kuyamba?"

Tsamba lililonse sankalikhulupirira mpaka litawerengedwa ndi munthu wosadziwa kanthu. Munthuyo ankamukhazika pa kompyuta yakale m'chipinda cha makatoni, n'kumupatsa tsambalo kuti achite zimene likunena. Iwo ankakhala kumbuyo pa mpando wopanda chotsamira, manja atawakhalira, pakamwa atatseka. Wowerenga akacheuka kuti afunse, ndiye kuti tsamba lalakwa, osati munthu. Ankalitenga, n'kulikonza, n'kuyambiranso. Motero anagwiritsa ntchito mlonda, mayi wosesa, dalaivala, mpaka wobweretsa madzi akumwa. Vuto lake linali lakuti mbuli ukaiwerengetsa kwambiri imasiya umbuli. Mlonda anafika poti magetsi akabwera ankalosera pulogalamu imene idzuke koyamba. Mbuli zinatha pa kampani.

A Nanga anapuma pa ntchito kangapo konse. Tinkawadulira keke, tinkawapatsa wotchi ya pakhoma, abwana ankalankhula mawu okhudza mtima. Sabata isanathe foni inkalira kunyumba kwawo, ndipo nkhani inali imodzimodzi, ya tsamba la kaimitsidwe ka pulogalamu. "Achikulire, taipha koma yaukanso!" Iwo ankavala jekete n'kubwera kwa tsiku limodzi, ndipo tsiku limodzilo linkatha chaka. Mawotchi anadzaza khoma la pabalaza.

Ndiye m'mawa wina kunabwera mayi akunyumba kwawo, telala wodziwika ndi sizasi yake komanso pakamwa pake. Sanagogode. Anaika chikwama pa tebulo lathu, pamwamba pa mapepala anga.

"Bambo aanawa, katundu yense ali m'galimoto panjapo. Makiyi a nyumba ndapereka kwa eni ake atsopano. Dzuwa likapendeka ndinyamuka, kaya muli m'galimotomo kaya mulibe."

Abwana, amene anali mayi wachitsikana woti a Nanga akanam'bereka, anatuluka mu ofesi yawo akumwetulira. "Mayi, tingowabwereka mwezi uno wokha."

"Mwanawe, wobwereka poto amabweza akaphika. Inu munabwereka mwamuna wanga ali ndi tsitsi. Taonani lero."

A Nanga anasisita dazi lawo. "Tsamba limodzi lokha, mayi. Likatheka limeneli foni siidzaliranso."

"Chikulepheretsa n'chiyani?"

"Woliyesa palibe. Pakufunika munthu wosadziwa kanthu."

"Ine ndilipo. Ndinakwatiwa ndi inu, umbuli woposa pamenepa muupeza kuti?"

Tinalowa tonse m'chipinda cha makatoni. Mayi anakhala pa kompyuta yakale ija, magalasi a mwamuna wawo atawalanda. Ntchito yawo inali kuimitsa pulogalamu yosindikiza mapepala. A Nanga anakhala pa mpando wawo n'kukhalira manja.

Tsambalo linkangoti ngati pulogalamu simukuifunanso, iimitseni. Mayi anafufuza m'masamba a kumbuyo n'kupeza lamulo lophera pulogalamu. Analilemba ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, ngati nkhuku yotola chimanga pa mchenga. Dzina la pulogalamuyo linazimiririka pa sikirini. Asanapume n'komwe, linabwereranso.

Anacheuka. "Bambo aanawa, chadzukanso ichi."

A Nanga anadzuka pa mpando. Anatenga tsambalo n'kulembapo kuti munthu asaiphe yekha pulogalamu, chifukwa kapitawo amayesa yagwa mwangozi ndipo amaidzutsa. Auze kapitawoyo kuti aiimitse. Pansi pake analemba lamulo lake. Mayi anawerenga mokweza, analemba, ndipo pulogalamu inagona osagwedezekanso.

Abwana anaomba m'manja. "Zatheka! Bambo, pitani ndi mtendere." Anatero mosavuta kwambiri, ngati munthu wodziwa kuti sabata yamawa adzaimbanso foni.

A Nanga nawonso ankadziwa. Makina ali chiyakire, zoonadi pulogalamu yagona. Koma magetsi akangozima n'kubweranso, kapitawo adzatenga gulu lake la masiku onse n'kuidzutsa pamodzi ndi zinzake. Mzere wonena zimenezi anaudziwa kalekale. Nthawi zonse cholembera chikafika pamenepo, ankaganiza za nyumba ya zii, mawotchi akungoti tiki tiki, popanda woitana kuti achikulire tithandizeni, ndipo dzanja linkalemera. Munthu amene anakonza masamba a anzake mopanda chifundo anali atasiya kabowo pa tsamba lake, kongokwana iye kulowerapo. Tsopano akanangokhala chete, akanapita ndi mkazi wawo lero, ndipo foni ikanawapeza konko. Anatsokomola pang'ono.

Mayi sanacheuke. "Chatsala n'chiyani? Chifuwa chimenecho ndimachidziwa. Munatsokomola chonchi tsiku limene munapsereza diresi la kasitomala wanga ndi simbi."

Lamulo lawo lomwe linkawaletsa a Nanga kulankhula. Anatulutsa dzanja limodzi, anali kuliyang'ana ngati la munthu wina, kenaka analoza batani lozimitsira makina.

"Aaa, bambo, zimenezo n'zongowonjezera," anatero abwana.

Mayi anali atadina kale. Kompyuta inazima, inayaka, inalira ngati galimoto yakale pa chitunda. Mayina anayamba kubwera pa sikirini limodzilimodzi, ndipo pakati pawo, osachita manyazi, panali pulogalamu yosindikiza mapepala.

"Ehee," anatero mayi. "Chofanana ndi mwini wake. Kuchiuza kuti weruka, chikuweruka. M'mawa uchipeza chavala jekete."

Mlonda, amene anali atasuzumira pakhomo, anaseka mpaka chipewa kugwa. A Nanga anatenga tsambalo kachiwiri. Analemba nthawi yaitali kuposa m'mene mzerewo unkafunira. Anati kuimitsa pulogalamu n'kwa lero lokha. Kuti isadzuke makina akayatsidwanso, munthu auzenso kapitawo kuti aichotse pa gulu la zodzutsidwa m'mawa. Anati ziwirizi n'zosiyana, ndipo wochita chimodzi asayese kuti wachita zonse. Anaika lamulo lachiwiri pansi pa loyamba. Atatha anawerenga okha, anakonza chilembo chimodzi chimene chinapendekeka, n'kupereka.

"Koma mayi tsopano mwadziwako," anatero abwana, mawu atazilala. "Kuyesaku sikuwerengedwa."

"Ine? Ndaiwala kale, mwanawe. Zimene ndimasunga m'mutu ndi miyeso ya m'chiuno."

Anayambiranso pa chiyambi, chala chimodzi chomwe chija. Lamulo loyamba, pulogalamu inagona. Lamulo lachiwiri, kapitawo anayankha kuti wamva. Anazimitsa makina n'kuyatsanso popanda wowauza, pakuti tsamba linali litawauza. Tonse tinaweramira ku sikirini, ine, abwana, mlonda, ndi mayi wosesa tsache lili m'manja. Yosunga nthawi inadzuka. Yotumiza makalata inadzuka. Zina zinabwera pambuyo pake. Tinadikira, tinadikiranso. Yosindikiza mapepala siinaoneke.

Mayi sanacheuke ngakhale kamodzi. Anavula magalasi, anawapinda, n'kuwaika m'chikwama.

Abwana ndiwo anatembenuka. "Bambo, nanga ikapanda..."

Pa mpando wopanda chotsamira panalibe munthu. Panali foni ya kampani, kiyi wa chipinda cha makatoni, ndi cholembera chofiira. Mlonda analumbira kuti pakhomo sipanadutse munthu, koma iyeyo maso ake anali pa sikirini ngati tonsefe.

Mayi sanadabwe. Anakonza mpango wawo n'kunyamula chikwama.

"Mayi, mungotiuza kumene mukulowera," anatero abwana akuwatsatira m'khonde. "Si kuti tiwavutitse ayi. Mwina tingafune kutumiza kamphatso."

"Mawotchi atikwana, mwanawe."

Tinaima pa windo. A Nanga anali atakhala kale kutsogolo, jekete ataivula, akukangana ndi lamba wa pampando. Kumbuyo kunali matiresi, makina osokera ndi katoni ya mawotchi. Mayi ndiwo anagwira chiwongolero. Pa geti dzanja la a Nanga linatuluka pa windo kuloza kumanja, ndipo galimoto inakhotera kumanzere.

Tinafunsa kwa alamu awo, kwa eni nyumba atsopano, ngakhale kwa amene ankawameta tsitsi lotsalalo. Aliyense anatchula kwina. Nambala yawo yakale imayankhidwa ndi munthu wogulitsa matayala. Tsamba lija likadali m'buku monga analisiyira, ndipo za pulogalamu youkanso palibe anaimbaponso foni. Shuga wanga masiku ano amakhalitsa.